Penti yoyera ya silikoni pa thirela yanga yakuda: yathandiza, koma pali zomwe pachidebe sanalembe

Anthu angapo akhala akundifunsa za penti yomwe ndinapaka padenga la thirela yanga ija, nde ndati bola ndingolemba kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, ndili ndi thirela yonyamulira katundu, ija yotseka mbali zonse ngati bokosi, ya mafiti 7 m'lifupi ndi 14 m'litali, yomwe ndinaisandutsa kanyumba kogonamo paulendo. Muli bedi, kashelefu, kasinki ndi batire basi. Ndinaigula yakuda. Musandifunse chifukwa chake, inkaoneka bwino kumbuyo kwa galimoto ndipo tsiku lomwe ndinkaisankha kunali mitambo, nde za dzuwa sizinandibwerere m'mutu olo pang'ono.

Pentiyo ndi ija yoyera ya silikoni yopaka pamadenga, yolemera, yomata ngati guluu. Dzina la kampani sinditchula chifukwa zina zomwe ndidandaule pansipa mwina wolakwa ndinali ine ndemwe, komanso zidebe za mtundu umenewu zimagwira ntchito mofanana kwambiri.

Ulendo woyamba ndi umene unanditsegula m'maso. Ndinaisiya pamtetete m'mawa, kubwerako chamasana, kutsegula chitseko, aaa mpweya wake unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Matiresi otentha, botolo la madzi lotentha, foni yomwe ndinaiwala pashelefu inali italemba kuti yatentha kwambiri iyambe yazizira kaye. Nditakweza dzanja kugwira siling'i sindinathe kulisiya pamenepo. Ndipo chopweteka kwambiri chinali choti panja pansi pa mtengo kunali bho ndithu, kamphepo kakuomba, koma mkati mwa nyumba yomwe ndinaivutikira miyezi yambiri simunkakhalika mpaka dzuwa litalowa.

Ine ndinkangoti vuto ndi kuda kwa thirelayo basi. Koma nditakwera makwerero kukaona pamwamba ndinadabwa kupeza kuti denga silinali lakuda ayi, linali lata la aluminiyamu losapaka kalikonse, lotuwa, loyamba kuzirala. Mathirela ambiri amabwera choncho, mtundu womwe mumasankha pogula ndi wa makoma okha, padenga amangoikapo aluminiyamu kapena Galvalume (lata lachitsulo lokutidwa ndi aluminiyamu ndi zinki) yosapenta. Nde ndinakhala pamakwereropo ndikudzifunsa kuti nanga lata lowala chonchi likutentha bwanji ngati simbi.

Yankho lake ndi limene linandipangitsa kugula pentiyi, nde mundilole ndifotokoze pang'ono. Chinthu chikakhala padzuwa pamachitika ziwiri. Choyamba ndi kuchuluka kwa kuwala komwe chikubweza, chachiwiri ndi mmene chimatayira kutentha komwe chamwa kale. Chitsulo chosapaka chimabweza kuwala kwambiri ndithu, koma pa kutaya ndi chaumbombo, kochepa komwe chamwako chimakuumira osafuna kutulutsa, nde chimangotenthera tenthera. Penti iliyonse, kaya yoyera kaya yakuda, imataya kutentha bwino, pafupifupi 90 peresenti ya mmene chinthu chingathere. Kusiyana kwa yoyera ndi yakuda kuli pa kubweza. Pa muyeso womwe opanga zofolera amautcha SRI, chakuda chomwe amayerekezera nacho chimabweza 5 peresenti yokha ya dzuwa ndipo amachipatsa 0, choyera chimabweza 80 peresenti ndipo amachipatsa 100. Penti yoyera nde imapambana mbali zonse ziwiri, imamwa pang'ono ndipo komwe yamwako imataya msanga, pomwe lata langa lija linkapambana mbali imodzi yokha.

Ndinapanga kasamu kophweka pa kapepala. Masana kukakhala kopanda mitambo dzuwa limagwetsa mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse. Denga langa ndi mamita 2.1 kuchulukitsa ndi 4.3, tingoti masikweya mita 9, kutanthauza mawati 9,000 akugwera pamutu panga. Likanakhala lakuda bii likanamwa mawati oposa 8,000, loyera limamwa osakwana 2,000. Sikuti onsewo amalowa mkati ayi, ambiri amapita ndi mphepo panja pomwepo, koma mukaganiza kuti kaeyakoni (kamakina koziziritsa mpweya) kakang'ono ka 5,000 BTU kamachotsa mawati pafupifupi 1,500 okha, mutha kuona kuti kulimbana ndi kutentha kutalowa kale ndi ntchito yakalavulagaga, bola kukukaniza kudakali panja.

Si ine ndekha amene ndinaganizapo zimenezi. Mu 2011 akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku California anatulutsa zomwe anapeza ataimika magalimoto awiri a Honda Civic padzuwa ku Sacramento, ina yakuda ina yasiliva. Denga la yasilivayo linkazizirirapo mpaka madigiri 25 a Celsius kuyerekeza ndi la yakuda, koma mpweya wa mkati unangosiyana ndi madigiri 5 kapena 6. Manambala awiriwa muwasunge, chifukwa otsatsa malonda amakonda kukuonetsani yoyambayo, ya pachitsulo, pomwe inu mumagona mu yachiwiriyo. Komabe galimoto ili ndi magalasi ponseponse omwe dzuwa limalowera posaona mtundu wa penti, pomwe thirela ya katundu ndi bokosi lachitsulo, mawindo ngati alipo ndi tiwiri tating'ono, nde khungu lake ndi limene limalamula zinthu kuposa pa galimoto. N'chifukwa chakenso mabasi ambiri a ana asukulu ku America ndi achikasu koma pamwamba poyera, ndipo ma Land Rover akale a kumaiko otentha ankakhala ndi denga lachiwiri pamwamba pa lenileni, pakati podutsa mphepo.

Tsopano kapakidwe. Apa nde pomwe pali ntchito, osanamizana. Kupakako pakokha ndi kwa maola ochepa, koma kukonzekera kunanditengera tsiku lathunthu. Kutsuka ndi sopo wochotsa mafuta, kutsukuluza, kudikira liume, kukwecha ndi sandipepa kuti penti ipeze pogwira, kupukuta fumbi, kenako kumata tepi m'mphepete monse kuti zoyera zisayenderere pamakoma akudawo. Zotsekera zakale za m'majointi zomwe zinayamba kusweka ndinazipala kaye. Ndinapaka makoti awiri ndi rola yaubweya wautali, yachiwiri mopingasa yoyamba. Silikoni amauma ndi chinyontho cha mumpweya, nde mukatsegula chidebe musayambe nkhani ndi aneba, pamwamba pamayamba kupanga kakhungu. Ndipo sachoka ndi madzi, pamafunika thina, rola yanga ndinangoitaya osayesa n'komwe kuichapa. Malaya omwe ndinavala tsiku limenelo pano ndimapukutira matayala.

Chenjezo lina, valani magalasi akuda. Sindikuseka. Koti yoyamba itauma ndinakwera masana kukapaka yachiwiri, maso anga anachita kulira misozi ndi kuwalako, ndinatsika ndikuona timadontho tobiriwira paliponse. Koma nditaganiza bwino ndinati eya, kuwala komwe kukundilasa m'masoku ndi komwe kale kankalowa m'chipinda mwanga.

Zotsatira zake zinaoneka tsiku lotsatira lomwelo. Masana dzuwa lili paliwombo ndinakwera n'kugwira denga, lofunda chabe, ukhoza kusiyapo dzanja mmene ungafunire. Khoma lakuda pambali pake, mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pomwe penti yathera, losagwirika. Mkati siling'i inasiya kuwawula pamutu, ndipo ichi ndi chomwe ndinachimva kwambiri kuposa china chilichonse, chifukwa denga lotentha limakuwotcha ngati wakhala pafupi ndi moto ngakhale mpweya utakhala wabwinobwino. Pano masana ndimatha kulowa, kugona pang'ono fani ikuzungulira, zomwe kale zinali zosatheka. Kadontho komwe kankatuluka pakona yakutsogolo mvula ikagwa kanasiyanso, ndipo phokoso la mvula padenga linachepako, limenelo ndi bonasi yomwe sindinkayembekezera.

Ngati mukufuna kuyeza nokha ndi kamfuti koyezera kutentha kaja, samalani, pachitsulo chowala kamanama. Kamawerenga kutentha komwe chinthu chikutaya, nde poti lata losapaka silitaya bwino, kamakuonetsani nambala yotsika pomwe dzanja lanu likupsa. Matanipo kachidutswa ka tepi yapepala, mudikire pang'ono, muyeze pa tepipo. Ine poyamba kanandipusitsa mpaka ndinatsala pang'ono kusiya pulani yonse poganiza kuti denga lilibe vuto.

Koma tsopano zomwe pentiyi siingachite, chifukwa ndaona ena akulemba ngati kuti akapaka ndiye kuti agula firiji. Penti siziziritsa chilichonse. Ntchito yake ndi kuchepetsa zomwe dzuwa likuonjezera pamwamba pa kutentha kwa mpweya wa panja. Kunja kukakhala madigiri 35 pamthunzi, mkati simungatsike kuposa 35 ngakhale mutapaka makoti khumi, chomwe mwapindula n'choti simukwera kufika kuja kumakomola. Amene akufuna pansi pa pamenepo akagule eyakoni, kungoti eyakoni yake idzagwira ntchito mopepukirapo ndipo batire lidzakhalitsa.

Ndiye pali makoma anga akuda aja, omwe ndi chilonda changa mpaka lero. Denga limalamula dzuwa likakhala pamwamba, koma likapendeka, kuyambira cha m'ma 3 koloko kupita m'tsogolo, limamenya khoma mwachindunji. Khoma limodzi la m'mbali ndi mamita 4.3 kutalika ndi pafupifupi 2 kupita m'mwamba, kukula kwake kungofanana ndi denga lomwe, ndipo ndi lakuda. Nde zomwe zinachitika n'zoti kutentha kunangosamuka nthawi, kale kunkavuta masana, pano kumavuta madzulo, mbali yomwe yayang'ana kumadzulo. Bedi langa lili mbali imeneyo nthawi zambiri, kaya ndi tsoka kaya chani. Ndinaphunzira kuimika thirela moti dzuwa lamadzulo lizimenya kumphuno kapena kuchitseko chakumbuyo komwe kuli kochepa, osati m'mbali mwautali, ndipo pomwe sizikutheka ndimakoka tenti mbali imeneyo kusiya mpata wodutsa mphepo. Mthunzi umaposa penti iliyonse, palibe mpikisano.

Chinanso cha makoma akuda chomwe palibe anandiuza, amapanga mafunde. Aluminiyamu amafutukuka akatentha, lata la mamita 4 likakwera ndi madigiri 50 limatalika pafupifupi mamilimita 5, pomwe felemu yachitsulo yomwe lamangidwapo siikufutukuka mofanana, nde latalo limasowa kopita n'kumangopindikapindika. M'mawa thirela imaoneka yosalala bwinobwino, masana ngati yagundidwa. Malata ake ndi opyapyala, ambiri ndi 0.024 kapena 0.030 ya inchi, nde mukafuna mtundu wakuda zivute zitani, sankhani okhuthala.

Za insuleshoni, zotchinga kutentha zoika m'makoma, ndinenepo chifukwa anthu amazisokoneza ndi penti. M'makoma mwanga muli mabolodi a fomu yolimba otchedwa polyiso a inchi imodzi, omwe amapereka pafupifupi R-6 (R ndi muyeso wa mmene chinthu chimatchingira kutentha), fomu ina yotchedwa XPS imapereka R-5 pa inchi. Malo ake ndi omwewo, mipata ya pakati pa zitsulo za felemu ndi yakuya inchi imodzi basi. Insuleshoni imachedwetsa kutentha kulowa, siikuletsa, ndipo mphamvu yomwe kutentha kukukankhira imadalira kusiyana kwa kunja ndi mkati, kutanthauza kuti lata likamatentha kwambiri bolodi yomweyo imadutsitsa kochuluka. Nde ziwirizi zimathandizana, ina siilowa m'malo mwa inzake. Vuto lina ndi zitsulo za felemu zomwe zimakhala pa mainchi 16 kapena 24 aliwonse, zimenezo zimatenga kutentha kwa lata n'kukupititsa mkati molambalala insuleshoni, moti madzulo ndikayendetsa dzanja pa pulayiwudi ya khoma ndimatha kuwerenga pomwe pali chitsulo chilichonse, mizere yotentha. Padenga mizere imeneyo inazimiririka nditapaka, chifukwa gwero lake linazizira. Amene simunatseke makoma, ikani kabolodi kena kopyapyala pamwamba pa zitsulozo musanakhome pulayiwudi, ine ndinadziwa mochedwa.

Ndipo musapusitsidwe ndi zidebe zolembedwa kuti muli timikanda ta seramiki totsekereza kutentha ngati insuleshoni. Penti yokhuthala ngati chikhadabo siingafanane ndi bolodi ya inchi. Mu 2020 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linasumira makampani anayi pa nkhani yomweyi yonena kuti penti zawo zili ndi R yaikulu. Chomwe chimagwira ntchito ndi kuyerako. Pogula yang'anani manambala a kubweza dzuwa, makamaka ya pambuyo pa zaka 3 yomwe a Cool Roof Rating Council, bungwe la ku America losindikiza miyeso ya zofolera, amalemba, chifukwa yatsopano iliyonse imaoneka katswiri.

Izi zikundifikitsa pa madandaulo anga. Silikoni amakoka fumbi. Patangotha miyezi yochepa denga linayamba kuoneka lotuwa, ndipo mvula ikagwa imatsitsa mizere yauve pamakoma, pa akuda imaoneka yoyererako, yonyansa. Fumbilo limachepetsa kubweza kuja, nde kukwera ndi ndowa ndi bulashi yofewa kamodzikamodzi kunakhala mbali ya moyo wanga. Likatsukidwa limabwerera, pamenepo sindinama. Koma denga lonyowa la silikoni limaterera moopsa, ndinatsala pang'ono kutsika opanda makwerero, pano ndimatsukira ndili pambali ndi bulashi ya mtengo wautali.

Dandaulo lalikulu ndi ili: pa silikoni sipamata china chilichonse koma silikoni mnzake. Tepi siigwira, guluu sagwira, penti ina siigwira. Ine ndi nzeru zanga ndinapaka kaye, kenako n'kuganiza zoika mapanelo a sola. Zomatira za mabulaketi zinkangosendeka ngati chikopa cha njoka, ndinachita kupala malo aliwonse mpaka kufika pa lata, kupukuta ndi thina, kumanga, kenako kupakanso mozungulira. Ntchito ya ola limodzi inadya tsiku. Pachidebe zinalembedwa mwina, koma m'tizilembo tomwe munthu sawerenga. Nde dongosolo lake ndi ili, boolani za fani, mangani mabulaketi, dutsitsani mawaya, zonse zithe, penti ibwere pomaliza. Ndipo dziwani kuti mukalowa kwa silikoni mwalowa, kudzasintha kupita ku mtundu wina ndi kupala denga lonse. Pali ina ya acrylic yomwe imachapika ndi madzi ndipo imalola kupakaponso mosavuta, koma iyo siikonda madzi odikha, ndipo madenga a mathirela amenewa ndi afulati, pakati pamakhala kachithaphwi mvula ikagwa, n'chifukwa chake ndinasankha silikoni ndipo pa mfundo imeneyo sindikudandaula.

Mapanelowo, mwa njira, anathandizanso pa kutentha, chifukwa ali m'mwamba pang'ono ndipo amapanga mthunzi pansi pake, mphepo n'kumadutsa, ngati denga la Land Rover lija.

Ena amafunsa kuti nanga nyengo yozizira, choyera sichikuzizira kwambiri? Masana eya, chakuda chimakupatsani kutentha kwaulere pang'ono. Koma nthawi yomwe munthu umanjenjemera ndi usiku, ndipo usiku mtundu ulibe ntchito, choyera ndi chakuda zimataya kutentha mofanana. Kuzizira umathana nako ndi bulangete kapena kahita kakang'ono, pomwe kutentha ukavula zonse watha nzeru, kwatsala ndi makina odya magetsi ambiri.

Kwa amene simunagule thirela, tengani yoyera, nkhani yathera pomwepo. Yasiliva kapena yotuwa mowala ili pakati. Zofiira, zobiriwira ndi zabuluu zakuda zija zili kufupi ndi yakuda kuposa mmene maso amaganizira. Ziliko penti zapadera zamitundu zomwe zimabweza kuwala kosaoneka ndi maso, poti pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa lili m'gawo limenelo la infrared, nde zimazizirirapo kuposa penti wamba ya mtundu womwewo, koma yoyera siziipeza. Kwa amene muli kale ndi yakuda ngati ine, yambani ndi denga chifukwa ndi losavuta ndipo palibe amaliona, kukongola kwanu kuja sikuonongeka. Muikenso fani ya padenga, ija yolowa pa bowo la mainchi 14 kwa 14, ndi kawindo kapena kabowo kam'munsi mbali ya mthunzi kolowetsera mpweya, apo ayi faniyo ingolira osakoka kanthu.

Pentiyi ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha fumbi ndi tsiku lija la mabulaketi. Makoma ndikuganiza zowakuta ndi vinilo yoyera theka lakumtunda kusiya lakumunsi lakuda, ndikungodikira dzinja lithe kaye kuti malata aume bwino.